Kabokosi kong'ung'udza kuseri kwa dziwe la abwana

Bambo anga anali msodzi ku Nkhotakota, ndiye ine ndinakula ndikudziwa kuti nsomba ndi ndiwo basi. Nditapeza ntchito ya m'munda ku Fourways kuno ku Joni, ndinakumana ndi nsomba zosadyedwa. Amazitcha koi, mtundu wake unachokera ku Japan, zamawanga ofiira, oyera ndi akuda, zonenepa kuposa mlamba wa m'dambo. Iliyonse ili ndi dzina. Tsiku lomwe abwana ananditchulira mtengo wa imodzi, ndinangoti kukamwa yasa.

Mu Januwale 2023, nthawi ija magetsi ankazima kawiri katatu patsiku, ndinafika m'mamawa n'kupeza nsomba zonse zaunjikana pamwamba, pakona pomwe madzi amagwera, milomo ikutsekukatsekuka. Yaikulu kuposa zonse inali itagona chagada. Zikasowa mpweya, zazikulu ndi zomwe zimayamba kupita.

Cholakwa chinali changa. Pampu ya mpweya, kabokosi kopopera mpweya m'madzi a m'dziwe la nsombazo, ndinaitsitsa pakhoma n'kuiika pansi, kuseri kwa maluwa, poti adona ankadandaula phokoso. Malowo anali m'munsi kuposa madzi a m'dziwe. Magetsi atazima usiku, madzi anabwerera m'kapayipi mpaka kulowa m'pampu, ndipo pomwe magetsi amayaka, iyo inali itamwa kale. Abwana sanakalipe. Anangoti tikwere galimoto tikagule pampu ina, ndipo kusakalipako kunandipweteka kuposa mbama.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti Johannesburg ili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 1,750, pomwe nyanja ya kwathu siifika ndi 500 omwe. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, choncho madzi amasunga okosijeni wochepa. Kukatentha amachepanso. Usiku ndere ndi zomera za m'madzi, zomwe masana zimapereka mpweya, zimayamba kulimbirana ndi nsomba, tizilombo ta m'sefa yoyeretsa madzi nato tikufuna gawo lake. M'bandakucha wa nyengo yotentha ndiyo nthawi yoopsa.

Pogula, musakopeke ndi nambala yaikulu ya pabokosi. Akalemba kuti malita 60 pa mphindi, kawirikawiri amatanthauza pampu ikamapopa pamtunda popanda chotchinga. Mwala wotulutsa thovu, womwe umalumikizidwa kumapeto kwa kapayipi kochokera ku pampu, ukakhala pansi pa dziwe, madzi amakankha mpweya uja, ndipo dziwe likazama, wotuluka umachepa. Lathu ndi lakuya mita imodzi ndi theka, ndiye ndinapempha wogulitsa andionetse tchati cha kuya kwake, osati nambala ya kutsogolo. Tinatenga mapampu awiri apakatikati m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti ina ikafa inzake izigwirizira. Sadya magetsi ambiri, moti batire ndi invata yaing'ono, kachipangizo kosandutsa mphamvu ya batire kukhala magetsi a m'nyumba, zimawayendetsa usiku wonse. Pano onse ali pashelefu pamwamba pa madzi, pamthunzi podutsa mphepo, ndipo papayipi iliyonse ndinaikapo kavalavu koletsa madzi kubwerera. Kavalavu kameneka n'kotchipa kuposa kota, buledi woikamo tchipisi uja amagulitsa ku Diepsloot, koma kakanapulumutsa nsomba ija.

Mkati mwa pampu mulibe zodabwitsa. Muli timalabala tiwiri tomwe maginito amatigwedeza uku ndi uku, usana ndi usiku osapuma. Labala amatopa, amauma, kenako amang'ambika. Ine ndimasintha chaka ndi chaka ndisanadikire kuti ang'ambike, ndipo ena a sipeya amakhala m'chitini cha khofi mu shedi. Ndi ntchito ya sikuludiraiva ndi theka la ola, bola mwazula pulagi. Mafuta musathiremo.

Koma khutu ndilo chida changa chachikulu. M'mawa ndisanagwire tsache ndimaima pafupi ndi shelefu ija. Pampu yabwino imang'ung'udza mofanana ngati njuchi mumng'oma. Ikayamba kugogoda, kapena ikatentha moti dzanja silikhalitsapo, ndimadziwa kuti penapake patsekeka. Nthawi zambiri ndi mwala wa thovu womwe wadzaza ndere, ndipo ukatero labala ndi amene amavutika. Ndimauvuula, kuukwecha ndi burashi, ukakanika ndimataya. Pansi pa chivindikiro palinso kasiponji kosefa fumbi. Mu Ogasiti, mphepo ya kuno ikayamba kuulutsa dothi, kamafiira sabata ziwiri zokha. Ndimakachapa ndi madzi, kaume kaye, ndiye ndibwezeretse.

Mu Juni ndi Julayi, udzu ukamadzuka utayera ndi chisanu, nsomba zimatsikira pansi n'kungokhala duu, kudya komwe zimasiya. Pampu sindizimitsa, ndimangokwezako mwala uja kuti thovu lisazivundule pomwe zagona.

Lamlungu lapitali ndinawatumizira amayi kavidiyo pa WhatsApp, nsomba zikudya m'manja mwanga, thovu likuwira pakati pa dziwe. Anandiimbira pompo.

"Iwe, zakula chonchi bwanji osaphika? Nanga madziwo ukuwawiritsiranji?"

Ndinawafotokozera za mpweya, za labala, za mapiri a kuno. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndikamabwera pa Khirisimasi ndiwatengereko yofiirayo, ayanika okha.