Kumene mahatchi a apolisi amakapumira ukalamba

Ndinakwera sitima pa Marylebone ku London n'kukatsikira ku Princes Risborough, kenako takisi mpaka kamudzi ka Speen m'mapiri a Chiltern. Mnzanga amene ndinatengana naye anandiseka njira yonse, akuti tsiku lathunthu ndikulitaya chifukwa cha mahatchi okalamba. Koma ine ndinakulira kumene ng'ombe ya ngolo ikatopa aliyense amadziwa kumene imathera, ndiye za chiweto cholandira penshoni ndinafuna ndidzionere ndekha.

Malowa ndi a The Horse Trust, bungwe limene mayi Ann Lindo analiyambitsa mu 1886 kuti mahatchi okoka ngolo zonyamula anthu mu London azipezako mpumulo. Masiku ano ambiri ndi amene anagwira ntchito kupolisi ndi kuusilikali. Sefton, hatchi imene inapulumuka pa bomba limene linaphulika ku Hyde Park, paki ya mu London, mu 1982, inamalizira moyo wake komweku.

Ndinakhalitsa pa mpanda wa msipu umodzi, ndipo m'pamene ndinaona kuti mahatchiwa ali ndi boma lawolawo. Panali ina, siinali yaikulu kuposa zinzake ayi, koma itangopinda makutu chakumbuyo n'kutambasula khosi, chimphona chimene chinaima pa mulu wa udzu wouma chinasuntha mwaulemu. Panalibe kumenyana kapena phokoso. Ndinaganiza za chimphonacho, kuti mwina chinkaimitsa chikhamu cha ochemerera mpira, lero chikupatukira mnzake ngati mkamwini pamudzi.

Awiri ena anaima moyandikana, wina mutu uku wina uko, akukandana pamsana ndi mano, michira ikuthamangitsa ntchentche kumaso kwa mnzake. Mayi wina wosamalira mahatchiwa anandiuza kuti ubwenzi woterewu saumwaza wamba, chifukwa hatchi yokalamba ikasiyanitsidwa ndi mnzake imatha kusiya kudya. Patali pang'ono ina inagona pansi, inzake ili chiimire pambali. Hatchi imawodzera choimirira, koma tulo tenitento timafuna igone pansi, ndipo imatero ikaona kuti pali woilondera.

Ntchito yaikulu ili pa mano ndi ziboda. Mano a hatchi amaperepeseka ndi zaka, ndiye ikafika zaka 25 kapena 30 udzu umaivuta kutafuna. Zoterezi amazinyikira chakudya m'madzi mpaka chikhale phala, ngati mmene timachitira ndi agogo. Ziboda amazisenga pakatha masabata 6 mpaka 8. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti msipu wobiriwira, umene kwathu woweta amaulakalaka chilimwe chonse, kuno amauopa: udzu wanthete uli ndi shuga wambiri, ndipo umayambitsa matenda opweteka kwambiri a m'ziboda otchedwa laminitis. Mahatchi ena amachita kuwavala kachipanera kukamwa kuti asadye mopyola. Nyengo yozizira amawafunditsa zofunda, ndipo m'mawa uliwonse wina amayendera gulu lonse kuona amene akutsimphina kapena amene wadzipatula.

Mnzanga uja anasiya kuseka pamene hatchi ina yaimvi kumaso inabwera n'kumununkhiza phewa. Anaima chiimire osapuma bwino, manja ali m'thumba, mpaka inatembenuka kutsatira inzake imene inali itayamba kale kulowera kumadzi. Sitima ya madzulo tinaipeza mothamanga, nsapato zili matope okhaokha.