Tchopa asamadikire Okutobala yekha

Chaka chilichonse mu Okutobala ndimapita ku Chonde kukaonerera mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo pobwerera mtima umandiwawa ndikaganiza kuti ng'oma zimene zalira tsiku lonse zikapachikidwa mpaka chaka chamawa. N'chifukwa chake ndimalakalaka kuti pano pa boma la Mulanje, kapena pa Chitakale, tikhale ndi tsiku limodzi mwezi uliwonse, kuyambira m'nyengo ya masika pamene zokolola zalowa m'nyumba, loti tizikumana ndi kukumbutsana za kwathu.

Tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2014 monga chuma cha anthu onse, ndi gule wothokoza mizimu pa zokolola ndiponso wopempha mvula chilala chikavuta. Malemu agogo anga aamuna ankamuvina atavala zikopa ndi nthenga, kumsana atabereka mtolo wokhala ndi kakhasu ndi chipande chakale, ndipo ankatiuza kuti mtolowo ukukumbutsa ulendo wa makolo athu pochoka ku Mozambique. Ana a mlongo wanga sadziwa zimenezi, ngakhale amakhala m'munsi mwenimweni mwa phiri la Mulanje.

Pa tsiku lotere amayi angaonetse atsikana kaphikidwe ka kalongonda (mtundu wa nyemba), amene amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo asanadyedwe. Osema ndi oluka madengu angayale ntchito zawo, ndipo aphunzitsi angafotokoze za Fort Lister, linga limene linamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo.