Wina akuthawira ku Silverest, wina akufuna fulati pafupi ndi tauni

Ntchito yanga ndi yopezera anthu nyumba za lendi ndi mapuloti muno mu Lusaka, ma ejenti aja amene ena amatinena kuti timadya ndalama za ulele, koma imeneyo tidzakambirana tsiku lina. Sabata yathayi foni sinapume, ndipo chimene chinandiseketsa n'choti makasitomala anga amakokera kosiyana. Wina akuti nditulutseni mu phokosoli ndikapume kutali, wina ali kutali komweko akuti chonde ndipezereni ka fulati pafupi, msewu wandikwana.

Lolemba ndinatenga banja lina la ku mafulati a ku Kabwata kukaona puloti kuseri kwa Silverest, mbali ya Chongwe. Abambowo amagwira m'boma, amayi amaphunzitsa. Tinanyamuka cha m'ma 10, Great East Road ili pululu, tinadutsa pa flyover ya Munali, Chelston, mphambano ya ku eyapoti, kufika osatuluka thukuta n'komwe. Abambo atangotsika galimoto anayamba kale kuyeza ndi mapazi, apa khola la nkhuku, apa dimba la repu, apa galaji. Akuti "a ejenti, lendi ndi ndalama yopita, apa ndidzagona pa changa." Amayi anangokhala chete kenako mafunso anayamba kutuluka, madzi ali kuti, ana azipita bwanji kusukulu, mvula ikagwa ka msewu kafumbi aka kamakhala bwanji. Mafunso onse anzeru pa ntchito yanga amafunsa ndi azimayi, izi ndaziona kalekale.

Ndinawauza zoona. Kuno madzi ndi a boholo yanu, chimbudzi ndi sepitiki tanki yanu, wolofensi yanu, ngakhale msewu mumasonkherana ndi ma neba kuti mugule gelevulo. Ndipo pansi pa mbali zambiri za Lusaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu, madzi amayenda mosavuta, ndiye puloti ikachepa boholo yanu imakhala moyang'anizana ndi sokawe ya neba, dzenje lolowera madzi a m'chimbudzi, ya neba winayo chimodzimodzi, ku Chalala nkhani imeneyi anthu amaidziwa bwino. Pepala nalonso, ndinawauza kuti asalipire kanthu tisanafufuze ku unduna wa za malo. Taitolo yeniyeni ndi ya zaka 99. Mbali ya Chongwe malo ambiri ndi a mfumu, dziko la Asoli la mfumu yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo kalata ya nduna ya m'mudzi si taitolo ayi, pamafunika chilolezo cha mfumu ndi khonsolo kuti malowo asinthidwe. Pomaliza ndinati abambo, msewu mwauona lerowu ndi wabodza, mudzabwere cha m'ma 06 mudzayese kulowa mu tauni ngati mukupita kuntchito.

Ine sindiwaseka anthu otere. Kuyambira 1996 pamene a Chiluba anagulitsa nyumba za khonsolo kwa amene amakhalamo, aliyense muno anaphunzira kuti amene ali ndi pepala la nyumba ndiye amagona tulo, ndipo amene sanapeze nthawi imeneyo ayenera kudzimangira yekha. Puloti yotchipa ili kutali basi. Anthu amati akufuna mphepo yabwino ndi bata, koma ukawamvetsera bwino akufuna kuchoka m'manja mwa landilodi.

Lachiwiri linathera pa benchi ku ofesi ina, kudikira pepala limodzi. Tisatayepo nthawi.

Lachitatu ndi pamene ndinakumana ndi wa mbali inayo, mtsikana wogwira ntchito pa kampani ina ku Longacres, amakhala ku Chalala mkati kwenikweni kumene tala inathera. Akuti ankolo, ndimatuluka kukadali mdima ndimabwera kutada, nyumba ija ndimangoilipirira kuti katundu wanga azigonamo. Akaweruka mochedwa ndiye Yango, takisi yoitana pa foni, ndipo akawerengera pa mwezi ndalama ya mayendedwe ikuyandikira lendi. Anawonjeza za malaiti, kuti chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba magetsi akumapita pafupifupi tsiku lonse, pampu ya boholo imangokhala duu, ndiye ulibe malaiti ulibenso madzi. Kuchokera chaka chimenecho kasitomala aliyense asanafunse zipinda amayamba ndi kuli sola, kuli inveta, tanki ndi yaikulu bwanji.

Ndinamuonetsa fulati ku Northmead kwa amayi ena achikulire, amasiye. Yadi yawo ndi ija yakale yaikulu, nyumba imodzi pakati, kumbuyo kunali mitengo ya mango ndi ka nyumba ka wantchito. Pano mango anadula, kumbuyo kwaima mafulati mzere, amayiwo akudya lendi. Anandiuza kuti "mwana wanga, penshoni ya atate ako inatha kale, mafulati awa ndiwo akundisunga." Za mango zinandiwawa pang'ono, koma sindingawatsutse.

Mayadi akuluakulu amenewa ali ndi mbiri yake. Likulu lisanasamuke ku Livingstone kubwera kuno mu 1935, pulani ya mzinda inajambulidwa ndi Stanley Adshead, maganizo ake anali a mzinda wa mitengo ndi minda, nyumba zotalikirana, misewu yotakata. Zimenezo zinali za azungu kumayadi. Anthu akuda ogwira ntchito anaikidwa kwina, tinyumba tozungulira timene mumationa ku Kabwata Cultural Village ndi totsala ta nthawi imeneyo. Ndiye mzindawu unabadwa womwazikana kale, pakati pa tauni panali pa masitolo ndi ma ofesi, osati pogona. Lero kalembera wa 2022 anapeza anthu opitirira 2 miliyoni m'boma la Lusaka lokha, ndipo malo apafupi okhala ndi mapaipi, tala ndi sukulu ndi mayadi akale omwewo. Vuto ku Rhodes Park ndi Longacres nyumba zambiri zinasanduka ma ofesi, ma kiliniki, ma loji, ndiye fulati ikapezeka mtengo wake ndi woopsa, ena osachita manyazi amatchula madola.

Lachinayi ndiye tsiku limene landikhalira m'mutu. Anandiitana abambo ena amene banja lawo lili ndi chinyumba cha nsanjika pakati pa Cha Cha Cha Road ndi Freedom Way, akufuna ndiwapezere anthu a pamwamba. Pansi palibe vuto, sitolo imodzi yakale anaidula tizipinda tambirimbiri, mafoni, ma chaja, mawigi, salaula, aliyense akulipira ndipo ena akudikira pamzere. Tikukwera masitepe, nsanjika yoyamba kuli telala ndi ka koleji, yachiwiri kuli tchalitchi chimene chimabwera Lamlungu ndi masana a pakati pa sabata, pamwamba penipeni fumbi ndi nkhunda, zipinda zazikulu mawindo aakulu, Findeco House ikuoneka poteropo. Ndinati bosi, bwanji osakonza muno mukhale mafulati a achinyamata, ndili ndi anthu pa foni iyi amene angalowe mawa. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti ndani angagone mu tauni, madzi safika pamwamba, lifiti inafa kalekale, galimoto aimika kuti, ndipo kusintha pepala kuti nyumba ya malonda ikhale yogonamo ndi ulendo wina wautali. Akuti bola ndipeze wina wosungiramo katundu.

Sanalakwe pa zonse, koma ndinatsika ndili wokwiya pang'ono. Ndinadikira dala mpaka m'ma 18 kuti ndione. Ma shata akutsika, anthu onse akuthamangira ku masiteshoni a basi, ku Kulima Tower, ku City Market, ku Millennium, ku Lumumba, ma kondakita akukuwa, ndipo ikamakwana 20 Cairo Road yatsala ndi alonda ndi ana ogona m'makhonde. Tauni yathu ili ngati msika wa kumudzi, dzuwa likalowa aliyense wanyamula dengu lake. Amene ali ndi ndalama anasiya kale kubwerako, malo a masitolo akuluakulu a Manda Hill atatsegulidwa mu 1999, Arcades kutsatira, kenako Levy Junction ndi East Park, kugula, kudya, banki, zonse zinasamukira kumene kuli poimika galimoto. Nyumba ya nsanjika ya Society House pa Cairo Road inapsa mu 1997 n'kukhala chigoba zaka zambiri, NAPSA, bungwe la penshoni, itaikapo ndalama n'kuimanganso, hotela ya Hilton Garden Inn kutsegulidwa mu 2018, tinati eya tauni yadzuka. Koma mlendo wa mu hotela sagula tomato pa kona, satumiza mwana kukagula buledi usiku. Ogulitsa m'misewu anathamangitsidwa nthawi ya kolera kumayambiriro kwa 2018, anathamangitsidwanso mu 2023, misewu imayera ndithu, koma kuyera kokha sikubweretsa munthu wogona pamwamba paja. Ma flyover a Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres nawonso athandiza, sindikana, koma ntchito yawo ndi yoti munthu atuluke msanga apite kutali.

Ndipo pali chinthu chimene ife a ntchito ya manyumba sitikonda kunena. Anthu amene amakhaladi pafupi ndi tauni alipo kale, ali ku Kanyama, Chibolya, Misisi, amalowa wapansi m'mawa uliwonse osalipira basi. Iwowo anasankha kale kukhala pafupi ndi ntchito, akulipira ndi madzi osefukira nthawi ya mvula ndi zimbudzi zokumba. Tikamakamba zodzutsa tauni timaganiza za munthu wa laputopu ndi kapu ya khofi, koma ngalande ndi mapaipi zikanafika m'makomboni amenewa mukanaona mmene malo ake akanakwerera. Onani Kalingalinga mbali ya Alick Nkhata Road, masitolo, ma ofesi, ma bodingi a ana a ku yunivesite ya UNZA, eni ake ena akugulitsa n'kusamukira kutali, ena akumanga zipinda kumbuyo.

Lachisanu abambo a ku Kabwata aja anaimba. Anayesadi msewu m'mawa, akuti anafika kuntchito mochedwa ndipo mafuta anatsika moonekera. Ndimaganiza kuti asiya, koma ayi, puloti akuifunabe. Zimene agwirizana ndi amayi n'zoti agule, amange pang'onopang'ono, silabu chaka chino, makoma ndalama ikapezeka, koma azikhalabe ku fulati mpaka ana amalize sukulu. Amayi kumbuyo ndinawamva akuti "muwauze a ejenti kuti ine ku thengo sindipita opanda madzi." Ndiye azilipira lendi mu tauni uku akumanga kutali, ndipo mabanja otere ndili nawo ambiri, nyumba zosamalizidwa zimene mumaziona ku Meanwood, Lilayi ndi New Kasama zambiri eni ake akugona ku Libala ndi Chilenje.

Loweruka m'mawa amayi a ku Northmead anandiuza kuti fulati ija yapita, wina anabwera ndi lendi ya miyezi itatu m'manja mtsikana wa ku Chalala uja akadali kudikira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Anakhumudwa, ineyo komishoni yanga inapita nayo limodzi. Ndamuuza kuti atsitseko maso pang'ono, tiyese Thorn Park, Villa Elizabetha kapena Kamwala South, wati Kamwala South ayi chifukwa ndi msewu womwewo wa jamu umene akuuthawa. Mawa cha m'ma 08 tikukumana pa Levy, pali ka fulati ka chipinda chimodzi ku Thorn Park kamene mwini wake akuti madzi amatuluka tsiku lonse, ndikatsegula mpope ndekha ndisanakhulupirire.