Mmene timayendetsera thumba lathu m'mwezi wa Ramazani

Ndili ndi kalesitilanti pafupi ndi depoti ya basi pa boma la Mangochi, komwe ndimagulitsa tiyi, mandasi, mpunga ndi nsima ya utaka. Ndine mlembi wa gulu la amalonda khumi ndi awiri amene timasonkha ndalama sabata iliyonse, ndipo pakati pathu pali matelala awiri, eni magolosale, mayi wogulitsa nsalu, ogulitsa nsomba ndi bambo wina wa butchala. Tinayamba ngati chipereganyu wamba, chifukwa ambiri mwa ife ndife Asilamu ndipo sitikanatha kulowa banki mkhonde ya chiwongoladzanja, poti chiwongoladzanja, chimene timachitcha riba, ndi choletsedwa m'chipembedzo chathu. Anzathu awiri achikhristu anavomera lamuloli mosavuta.

Chipereganyu chinkayenda bwino miyezi yonse kupatula mwezi wa Ramazani, chifukwa mwezi umenewu sukhudza malonda athu mofanana. Kwa ine, masana onse mabenchi amakhala opanda munthu, ndipo ketulo imazizira pa mbaula. Wa golosale ndiye amagulitsa kwambiri masiku oyambirira, pamene mabanja akugula shuga, mafuta ophikira, ufa wa tirigu, mkaka ndi zipatso za tende zofuturira, kutanthauza kumasula kusala madzulo. Matelala amagona pa makina masiku khumi omaliza, kusoka makanzu ndi madiresi a Idi. Koma mndandanda wa chipereganyu suona zimenezi. M'chaka cha 2023, pamene Ramazani inayamba kumapeto kwa Marichi, namondwe wa Freddy atangowononga misewu ya kumwera, ulendo wanga wolandira unafika pakati pa kusala, nthawi imene ndinalibe chogula, pomwe telala wina ankabweza makasitomala chifukwa chosowa ndalama ya ulusi ndi nsalu. Ndalamayo ndinaidya pakhomo, ndipo ndikuvomereza kuti sabata ziwiri zotsatira ndinalephera kusonkha.

Chimene chinatitsegula maso ndi kugwa kwa kwacha mu Novembala chaka chomwecho, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama yapadera imene tinkasunga m'bokosi inakhalabe yomweyo powerenga, koma ku holoselo inagula katundu wochepa kwambiri. Tinapita kwa Shehe wa mzikiti wathu kukafunsa ngati pali njira yoti thumba likule popanda katapira, ndipo anatilongosolera kusiyana kwa zinthu ziwiri. Ukabwereketsa ndalama, uyenera kulandira yomweyo, osaonjezera ngakhale tambala. Koma gulu likagula katundu, n'kukhala wake weniweni, likhoza kumugulitsa kwa membala pamtengo wokwererapo umene onse agwirizana poyera, ndipo membalayo n'kulipira pa tsiku loikika. Mfundo imene ena inawavuta kumeza ndi yakuti munthu akachedwa kulipira, mtengowo sukwera, chifukwa kuukweza n'chimodzimodzi kulowetsa riba kudzera kukhomo lakuseri.

Kuyambira 2024 timaimitsa chipereganyu kwa miyezi iwiri, wa Ramazani ndi wa Shabani umene umabwera Ramazani isanayambe, ndipo zosonkha zonse zimalowa m'thumba limodzi. Mu Shabani anthu awiri amapita ku Limbe kukaoda mabelo a shuga, zigubu za mafuta ndi matumba a ufa m'dzina la gulu, malisiti n'kubwera nawo kwa ine. Katunduyo amagulitsidwa kwa eni magolosale, amene ayenera kumaliza kulipira pofika tsiku lakhumi la kusala. Ndalama ikangobwera, imabwereranso ku Limbe kukagula nsalu, zipi ndi ulusi wa matelala ndi mayi wa nsalu uja, ndipo iwo amalipira sabata imodzi Idi itadutsa. Ine ndi wa butchala timakhala omaliza, nthawi imene anthu ayambiranso kudya masana. Motero ndalama imodzimodziyo imagwira ntchito katatu, ndipo phindu timagawana molingana ndi zimene aliyense anasonkha. Chaka choyambacho tinachita mwayi, popeza shuga anasowa m'mashopu ambiri ife tili naye kale.

Za ine, gulu linandilola kusonkha theka m'mwezi wa kusala n'kudzakwaniritsa pambuyo pake. Ndinasinthanso nthawi yotsegulira. Ndimayatsa moto cha m'ma 3 koloko masana, ndipo pofika Magharibi, dzuwa likamalowa, patebulo pamakhala futali wa mbatata wotendera bwino, samusa ndi phala la mpunga, zimene makondakitala ndi a kabaza amagula kuti afuturu.

Misonkhano tinaichotsa madzulo n'kuiika m'mawa, chifukwa tinaona kuti munthu amene sanamwe madzi kuyambira daku, chakudya cha m'bandakucha, sachedwa kupsa mtima pa nkhani ya ndalama. Zosonkha zambiri zimabwera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo ndalama yodula potapa ndimailemba pamzere wakewake m'buku, popeza ndi timakwacha totere timene timayambanitsa anthu. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana.

Mkangano waukulu umene tinakhala nawo unali wa sadaka, chopereka chachifundo chimene munthu amapereka mwa kufuna kwake. Membala wina, ndi mtima wabwino ndithu, anapempha kuti titapeko m'thumba kukagulira chakudya cha futari kumzikiti. Ine ndinakana, ndipo ena anandiona ngati woumira, koma ndalama ya m'thumba ili ndi eni khumi ndi awiri, ena mwa iwo osasala n'komwe. Tinagula kachitini kena ka sadaka komwe aliyense amaponyamo mwa kufuna kwake. Zakati nayo, chopereka chimene Msilamu amalamulidwa kupereka pa chuma chake, sitilipira ngati gulu. Ine ndimangolembera aliyense kapepala kosonyeza gawo lake, kuti amene chuma chake chafika mlingo awerengere yekha 2.5 peresenti yake.

Vuto limene latsala ndi la nyengo. Ramazani imabwerera m'mbuyo pafupifupi masiku 11 chaka chilichonse, ndipo tsopano yalowa mu Febuluwale, mwezi wa njala, pamene ndalama za anthu zathera ku feteleza ndi fizi. Telala wina watiuza kale kuti chaka chatha zovala zingapo za Idi zinatsala pa hang'ala eni ake osadzatenga, kotero tagwirizana kuti ulendo uno tichepetse nsalu n'kuonjezera mpunga ndi nyemba.