Za shafuti ija bola muimve kwa mwini wake

Popeza mwayamba kale kundiitana kuti a Ziroziro mpaka ndi amayi a mandasi pageti omwe, bola ndinene ndekha isanakafike kwa apongozi itathiridwa mchere.

Inde singano ya kawotchi koyezera sinagwedezeke pomwe ndimayeza shafuti, zimenezo sindikukana. Shafuti ya chigayo ija ndinaisema ndekha pa lathe, makina osemera zitsulo aja, ndipo pa drawing pamalo pokhala pulley, gudumu la malamba lija, panali kamuvi kamodzi kopendekera kaja, chizindikiro cha runout kapena kuti kugwedera kwa shafuti ikamazungulira, 0.05, kenako A. Kwa inu osadziwa, ndiye kuti ugoneke shafuti pa ma V-block, tizitsulo tokhala ndi mpata ngati V, pomwe pamakhala mabeyaring'i, A uja akutanthauza malo amenewo, uike kawotchi koyezera kaja ka dial gauge kansonga kake kakhudze pamalo a pulley, uzungulitse shafuti mpaka ibwerere pomwe inayambira ndipo singano isayende kupitirira timizere tisanu poti kamzere kalikonse ndi 0.01 ya milimita. Ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi basi. Ukatero umasuntha kawotchi nkuyeza pena pawokhanso. Timivi tikakhala tiwiri ndiye total runout, ina imeneyo, musandisokoneze.

Ndazungulitsa, singano phee pa ziro. Ndazungulitsanso, phee. Abale inu thupi lonse linachita tsemwe. Ndinazungulitsa kachitatu pang'onopang'ono ndi chala chimodzi ndikumwetulira ndekha, m'mutu ndikuwerengera kale kuti akandikweza malipiro ndiyamba ndi malata kapena njinga yamoto, ndinafika poganiza mawu oti ndidzanene akadzabwera a wailesi. Ndinaitana shopu yonse mpaka owotcherera anasiya ntchito, kamnyamata ka attachment ndinakauza kuti iwe jambula, izi sudzazionanso, ngakhale ku Germany akuchepa. Vidiyo yomweyo pa status ya WhatsApp, pansi pake ndalemba kuti luso siligulidwa.

Akapitawo anabwera komaliza. Sanayankhule. Anawerama, nkutulutsa kalisiti m'thumba la ovolosi, nkukalowetsa pakati pa kansonga ka kawotchi ndi shafuti. Kanadutsa. Anakapinda pawiri, kanadutsa. Panayi, kanadutsabe osakhudza kalikonse. Kenako anandipempha K10 yachitsulo, ine osadziwa ndapereka ndi manja awiri, nayonso myuu kudutsa. Ndiye akuti "Achimwene, mwayeza bwino. Mphepo ya lero ndi yowongoka ndithu."

Kamnyamata kaja kakujambulabe.

Atatsitsa kawotchi kuti kansonga kakanikize chitsulo, singano inayamba gule, kuchoka pa ziro kukafika pa 40 nkubwerera, kupitanso nkubwerera ngati waipa ya minibasi nthawi ya mvula. 0.40 anthu inu, kuchulukitsa ka 8 zomwe drawing ikulola. Zinapezeka kuti potembenuza shafuti kuti ndiseme mbali inayo, pa dzino limodzi la chaki, chija chimagwira chitsulo pa lathe, panatsalira kanyenyeswa kachitsulo, ndiye malo a pulley anatuluka ndi pakati pawopawo osagwirizana ndi a mabeyaring'i. Ikanalowa m'chigayo imeneyo bwenzi malamba akudumpha, mabeyaring'i akutentha, mudzi wonse ukudya nsima ya mgaiwa wosinja pamanja chifukwa cha ine.

Komatu tinene chilungamo. Magetsi anali atangozima, pakona pajapo pamakhala mdima inu nomwe mukudziwa, magalasi anga ndinaiwala kunyumba, ndipo stand ya maginito yogwira kawotchi ija pali wina anaigwira ine ndili ku tiyi, sinditchula dzina koma amavala nsapato zazikulu. Nanga zoti singano ikangoti zii uyambe wakayikira kawotchi, si ine ndimaphunzitsa anawa zimenezo? Ndimadziwa bwinobwino. Kungoti tsiku limenelo ndinafuna kukhulupirira. Ndipo inu nonse munali pomwepo mukuomba m'manja, palibe anawerama.

Status ndinafufuta itaonedwa kale ndi anthu 63 kuphatikizapo alamu anga. Shafutiyo pano tikutchingira chitseko kuti chisamatsekeke ndi mphepo. K10 ija sanandibwezere.