Tiyi wa Lamulungu, buku lili pa tebulo

Lamulungu tikachoka kutchalitchi n'kudya nsima, Amayi amayamba kuyang'anayang'ana wotchi. Ikamayandikira 4 koloko amati, "Ika madzi pamoto mwanawe, anthu aja aimba posachedwa." Anthu ajawo ndi achimwene a ku Johannesburg ndi mng'ono wanga wa ku Leeds ku England ndi ana ake awiri.

Kale foni ya kunja ikalira kuno ku Chilomoni, mtima unkagunda. Inali ya maliro, ya matenda, kapena yofunsa ngati ndalama ya fetereza yafika. Tikapatsana moni n'kukamba za ndalama, mawu ankatithera. Zinkandipweteka kuona Amayi atagwira foni, zidzukulu zawo zili pamaso pawo, koma alibe chokamba nazo kupatula "sukulu ikuyenda bwanji?"

Mu 2020, nthawi ya Covid, mng'ono wanga ndiye anati tiziwerenga buku limodzi. Tinayamba ndi Zoom, koma yaulere ija imadula pakatha mphindi 40, nthawi imene Amayi amakhala angoyamba kumene kutenthedwa ndi nkhani. Tinasamukira pa WhatsApp. Lachinayi ndimajambula masamba a mutu wa sabata imeneyo n'kuwaponya pa gulu lathu, Loweruka ndimagula bandulo yokwanira. Ku Johannesburg nthawi ndi yofanana ndi yathu. A ku Leeds amatsalira ndi maola awiri, koma kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala amatsalira ndi ola limodzi chifukwa amasintha mawotchi awo.

Tiyi ndi lamulo la Amayi. Anathyola tiyi m'minda ya ku Thyolo ali mtsikana, dengu kumsana, kubudula masamba awiri ndi kansonga kake, ndipo mpaka lero tiyi wa m'timatumba samufuna. Masamba awire mu ketulo, mkaka ulowe, shuga masipuni atatu. Ife kuno timamwera mbatata yophika kapena chigumu. Mng'ono wanga amanyamula mapaketi a Chombe akabwera kumudzi, ndipo anaphunzira kukazinga zitumbuwa ndi ufa wogula kusitolo ya zakudya za ku Africa. Achimwene amangoonetsa kapu ndi buledi, Amayi n'kuwadzudzula kuti akuonda.

Maso a Amayi anafooka, choncho amawerenga ndi adzukulu. Mtsikana wamkuluyo ali ndi zaka 11, anabadwira ku Leeds konko, ndipo Chichewa chake n'chakumva chabe. Timawerenga kabuku kakale ka Chichewa ka kusukulu, kachikuto chong'ambika, komwe ndinakapeza m'sutikesi ya malemu Bambo. Mwanayo amadodoma pa "ng'ombe" ndi "mphasa", Amayi n'kuyandikitsa nkhope pa foni mpaka kungooneka mphuno ndi magalasi. "Bwerezanso, mdzukulu wanga. Tulutsa mpweya pa ph apo."

Tsiku lina la chiperoni mu Julayi, anafika pa mawu oti nkhokwe ndipo anaima.

"Agogo, kodi nkhokwe n'chiyani?"

Amayi anaika kapu pansi. Anafotokoza mmene amalukira nsungwi, mmene amaikweza pa miyala ndi mitengo kuopa chiswe ndi chinyezi, denga lake la udzu, ndi kuti mwana wamng'ono ndi amene ankamukweza kulowa mkatimo kukatapa chimanga chikatsika. Kenaka anakamba za njala ya 2002, mmene anthu ankadyera gaga ndi zitsinde za nthochi, ndi za njala ya 1949 imene mayi awo ankaisimba. Ine ndakhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezi koma zina mwa izi ndinazimva koyamba tsikulo. Achimwene anali chete, akupukuta m'maso. Tiyi anazizira m'makapu, ndipo tinangowerenga tsamba limodzi lokha.

Masabata ena magetsi amazima, netiweki imadukaduka, mawu amafika nkhope itauma pa sikirini. Timapirira. Buku la masamba ochepa latitengera miyezi isanu chifukwa chiganizo chilichonse chimabala mkangano, ndipo ine sindifuna kuti tizithamanga nalo.

Sabata yatha mdzukulu uja anatumiza uthenga wamawu pakati pa sabata, wa Amayi okha, wofunsa tanthauzo la "chikuta". Amayi anandiuza kuti ndiwabwerezere katatu, kenaka anati, "Tandigwirira foniyi bwino, ndimuyankhe ndekha."