Zikomo kwa onse amene munatigwira mkono pa maliro a mayi athu

Mwezi wathawu tinaika m'manda mayi athu kumudzi kwathu ku Dedza. Mtima ukadali wolemera, koma sindingakhale chete osathokoza.

Inu amayi a kumpingo ndi a m'mudzi, chimanga chimene mayi anasiya m'munda munakolola nokha n'kuchituta pamutu mpaka m'nkhokwe, ife tikadali m'misozi. Ambuye akudalitseni.

Agogo a kutsidya kwa dambo, inu amene munakulira limodzi ndi mayi, mawu okuthokozerani akundichepera. Usiku wa maliro tinakhala nanu pamphasa mpaka tambala kulira, mukutifotokozera zimene ife ana sitinkazidziwa. Munatiuza za njala ya 1949, mayi ali kamtsikana, akutsatira amayi awo kutchire kukakumba mizu yoti adye. Munatiuzanso za zaka zimene bambo anali ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, mayi atatsala okha ndi ana anayi, akulima mamawa mwana ali kumsana. Bambo anabwerako boma litaletsa maulendo a Wenela mu 1974, ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo anapeza nkhokwe ziwiri zodzaza, mbuzi zili m'khola. Khasu la mayi lija, mpini wake wosalala chifukwa cha manja awo, tsopano ndimaliona ndi maso ena.

Inunso achimwene a kabaza amene munanyamula mayi usiku kupita nawo kuchipatala n'kukana ndalama, dzina lanu sitinafunse n'komwe. Mukaona uthengawu chonde tipezeni kunyumba. Takusungirani thumba la mtedza wolima mayiwo.